Mkamwini Wogwira Batani

Kuwerenga ndinakuphunzira pa mapepala okulungira nsomba. Sukulu ndinalekezera giredi folo, atate atafuna munthu wopalasa kumbuyo kwa bwato, koma amalonda a ku Lusaka ankabwera ndi manyuzipepala akale, ndipo ine ndinkawatola asanathimbirire ndi mafuta a mcheni. Nkhani zambiri ndinkazidziwa theka lokha, theka linalo litapita ndi nsomba. Mpaka lero pali nduna ina imene sindidziwa ngati inamangidwa kapena inakwezedwa pa ntchito. Komabe kumudzi kwa akazi anga, cha kwa Mphuka, kumene ndinakakhala chikamwini, zimenezi zinakwanira kundisandutsa munthu wophunzira. Kalata ikabwera, kwa ine. Botolo la mankhwala a mbuzi, kwa ine. Ndinafika pomayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya, ngakhale inki yake inali itauma kalekale.

Patapita zaka ziwiri kapena zitatu chichitikire chilala chachikulu chija, bungwe lina linabweretsa wailesi pa kakiliniki kathu ka zipinda ziwiri. Sinali wailesi yomvera nyimbo ayi. Inali yoyankhulirana: bokosi lakuda pa tebulo, batire pansi, sola padenga, mlongoti kunja. Pa bokosilo panali chingwe chopotana ngati matumbo a nkhuku, ndipo kumapeto kwake kunali cholankhulira chokhala ndi batani m'mbali. Ukafuna kukamba umadina bataniyo ndi chala chachikulu osasiya, ukatha umati "ova" n'kusiya, wa uko n'kuyankha. Ukasiya pakati, mawu ako amafera m'chipinda momwemo.

Phindu lake sitinkalikayika. Munthu akadwala kwambiri kale, tinkamumangirira pa njinga kupita ku chipatala cha mishoni ku Katondwe, kapena tinkamugoneka pansi pa mtengo wa masau m'mbali mwa msewu n'kumayembekeza galimoto imene mwina ibwera mawa. Tsopano galimotoyo inkaitanidwa. Koma eni bungwe sanafune kuti wailesi ikhale ya anesi okha. Anati ndi ya mudzi: aliyense azifunsa za odwala ake amene agonekedwa ku chipatala, ndipo anesi akachokapo aliyense aziitana thandizo. Ananenanso mosabisa kuti ngati anthu saigwiritsa ntchito, aizula n'kukaipereka ku mudzi wina wa kumtunda umene unali kuipempha.

Miyezi itatu inatha, palibe munthu wa m'mudzi anaikhudza. Anesi okha, mayi wamfupi wa ku Migodi amene Chinyanja chake chinkatuluka ndi mchira wa Chibemba. Nthawi imeneyo akazi anga anali ndi pakati pachitatu. Pachiwiri panathera panjira, pa njinga, tisanafike ndi pa mlatho pomwe. Ndiye nkhani ya kuzula wailesi ine sinkandiseketsa.

Ndipo kunabwera mayi wina wa ku Lusaka, wamagalasi, ndi chikwama chodzaza mafomu. Dzina lake tinalisiya tsiku lomwelo, tinangoti amayi a mafomu. Anati abwera kudzayeza mantha athu, ndipo zimene apeze ndizo zigamule ngati wailesi ikhala kapena ipita. Ankafuna munthu wodziwa kuwerenga woti aziwafunsira anthu. Mudzi wonse unaloza ine, ndipo ine, chitsiru, ndinakonza kolala.

"Mantha amayezedwa ndi chiyani, amayi?" ndinafunsa. "Sikelo ya nsomba ilipo kwa alamu anga."

Sanaseke. Anatulutsa pepala lokhala ndi nkhope zisanu zozungulira ngati mazira. Yoyamba ikuseka mano onse, yachiwiri ikumwetulira, yapakati pakamwa pangoti ndee, yachinayi yakwinya, yomaliza ikuoneka ngati yaona njovu m'munda mwa mapira. Ntchito yanga inali kuwerenga chiganizo, monga chakuti "Ndikayandikira wailesi mtima wanga umagunda," munthu n'kuloza nkhope imene ikufanana ndi mumtima mwake. Ndinati m'mtima, ntchito iyi ngakhale mbuzi ingaigwire. Ndi pamene ndinalakwira mbuzi.

Ndinayambira kwa amalume a akazi anga, msodzi wakale amene ng'ona inamulawa ntchafu n'kumulavula. Ndinawapeza akusoka ukonde. Titalonjerana mpaka kufika ku nkhuku, ndinawayalira pepala pa mphasa.

"Uyu wakwinyayu ndani?" anafunsa. "Wamwalira wake?"

"Si munthu, amalume. Ndi inuyo, mukakhala ndi mantha."

"Ine ndili ndi makutu. Uyu alibe."

"Makutu asiyeni. Mukaganiza za wailesi ija, mumakhala ngati uti?"

Analoza woseka mano onse, osaganiza n'komwe.

"Ndiye simuiopa?"

"Mkamwini, munthu wachoka ku Lusaka, wapsa ndi dzuwa la kuno ku Feira, watipatsa chinthu chaulere. Ine ndimulozere nkhope yokwinya? Anandilera anthu ine."

"Nanga bwanji simunapiteko kukakamba nayo?"

"Funso limenelo lili pa pepalapo?"

Panalibe. Ndinachonga woseka n'kupita patsogolo. Khomo lachiwiri, woseka. Lachitatu, woseka. Mayi wina analoza wapakati, mtima wanga n'kuti myaa, koma amuna ake atakhosomola anasuntha chala. Bambo wina anati alibe maganizo pa nkhaniyi mpaka akulu ake abwere kuchokera ku Zumbo. Ndinayesa kunyengerera, ndinayesa kukalipa. Ndinafika powauza kuti, abale, opani pang'ono chabe, mundithandize. Onse ankandiyang'ana mwachifundo, monga amayang'anira munthu amene mabuku amuwononga.

Panatsala apongozi anga aakazi. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, sapatsana chinthu pamanja. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire, ndipo nthawi zambiri wopatukayo ndinali ine, pamodzi ndi minga yake. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali nditakhala pakhomo pawo, ndipo ndinkawadziwa bwino ndi mawu ndi zidendene. Akazi anga, amene ankatilumikiza, anali atapita kale ku Katondwe kukadikira nthawi yawo, pamodzi ndi akulu awo a apongozi ngati owayang'anira. Apongoziwo anatsala chifukwa mwendo unali utatupa. Ndiye ndinasiya pepala pa mtondo, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe, n'kupempha mayi wa khomo loyandikana kuti anyamule mawu.

"Afunseni kuti pa nkhope izi, yawo ndi iti."

Mayiyo anayenda mapazi anayi, nabwereza zimene apongozi anali atamva kale. Kenaka yankho linayenda mapazi anayi omwewo.

"Akuti onse asanuwa sawadziwa, ndipo sangasankhe pakati pa alendo."

Fomu imeneyo ndinaibweza yoyera.

Amayi a mafomu anayala mapepala onse pa benchi ya kiliniki, nawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula magalasi.

"Bambo, ndikufunseni chinthu, musakwiye. Munapitadi m'makomo, kapena munalembera pansi pa mtengo?"

Ine amene mapazi anali atang'ambika ndi mchenga wotentha wa mwezi wa Okutobala. Ndinawaonetsa zidendene. Anati zidendene si umboni. Malinga ndi mapepala awa, anatero, mudzi uno ndi wokonda wailesi kuposa midzi yonse imene anayendamo, komabe palibe amaikhudza. Akakapereka zimenezi ku ofesi adzawaseka. Anesi, amene ankawiritsa majekeseni pambali, anati, "Nalikuuzani, mayo. Anthu a kuno akakuseka mano onse, ndiye kuti akana kale."

Tsiku lotsatira anabwera ndi nzeru ina. Pakamwa pamanama, anati, koma miyendo sinama. Anandipatsa choko kuti ndilembe mizere isanu pansi, kuyambira pakhomo mpaka pa tebulo la wailesi. Munthu aliyense wobwera ku kiliniki tizimuuza kuti, lowani muone wailesi, ife n'kulemba mzere umene waimapo. Woima kutali, mantha ambiri. Ndinagwada pa simenti n'kulemba mizere yowongoka bwino, ndikunyadira, ngati kuti ndikumanga njanji.

Chimene tonse awiri sitinakumbuke, ngakhale ine ndinayenera kukumbuka, n'chakuti mzere wa choko pa kiliniki anthu ankaudziwa kale. Unalembedwapo nthawi ya matenda otsegula m'mimba aja, ndipo tanthauzo lake linali limodzi: usadumphe. Ndiye aliyense ankafika pa mzere woyamba, n'kuima ngati bwato lagunda mchenga. Ena ankavula nsapato n'kuimabe pomwepo. Mayi wina anakoka mwana wake n'kumumenya kambama chifukwa chala chake chinakhudza choko. Ine n'kumati, dumphani, amayi, palibe kanthu. Iwo n'kumati, "Ngati palibe kanthu, mwalemberanji?"

Pofika masana tinali ndi mapepala awiri. Lina linkati m'mudzi muno palibe woopa ndi mmodzi yemwe. Linalo linkati tonse tikufa ndi mantha. Amayi a mafomu anakhala pa benchi, nadzikupiza ndi mapepala onse awiriwo, poti ntchito yokhayo ndi imene mapepalawo ankaigwira bwino.

"Chabwino," anatero. "Anthu amatsata amene amamukhulupirira. Inu bambo, kambani nayo anthu akuona."

Apa ndiyenera kuulula. Ine woyeza mantha a anzanga ndinali ndisanaigwirepo. Ndinali nditawerenga kabuku kake konse, ngakhale tsamba la Chifalansa, koma kugwira ayi. Pawindo panali mitu. Amalume aja analiponso, atabwera kudzaona mkamwini akukamba ndi bokosi. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinanyamula cholankhulira, ndinadina, n'kutchula mawu amene anesi anandiuza. Bokosi linakhosomola. Kenaka kunatuluka mawu a bambo wogwira wailesi ku chipatala, mawu olemera, a munthu wa imvi.

"Takumvani. Mwauka bwanji kumeneko? Ova."

Zimene zinachitika sindinazikonze. Munthu wamkulu wandilonjera. Mawondo anapinda okha, manja anafunana okha, ndipo ndinayamba kuomba m'manja monga tichitira, pang'onopang'ono, manja atapindika. Cholankhulira chinagwa, chinalendewera pa chingwe chake n'kumagunda mwendo wa tebulo. Ine ndili pakati pa "tauka bwino, kaya inu atate," bambo uja ali, "Halo? Halo? Kuli munthu?"

Amayi a mafomu analemba msangamsanga. Ndinasuzumira. Analemba kuti wothandiza wataya chipangizo chifukwa cha mantha.

"Mantha ati? Ndimalonjera!"

"Manja anu anachisiya."

"Anachisiya chifukwa anali ndi ntchito ina. Munthu angaombe m'manja ndi dzanja limodzi?"

"Ndiye musaombe. Sakukuonani."

Amalume ndiwo anayankha, ali pawindo. "Amayi, pepani, ndilowereko. Iye sationa, koma ife tidziona. Chinthu chanucho chimanga dzanja limodzi. Ndi dzanja limodzi timaponyera galu fupa. Manje ine ndiime chilili, dzanja limodzi m'mwamba, ndikambe ndi munthu amene sindidziwa ngati ndi mwana kapena ndi wamkulu kwa ine, ndisanamufunse ndi za kunyumba komwe? Ndikatha ndimuuze ati ova, ngati ndikulamula mwana kuti, kamba tsopano?"

Mitu ya pawindo inavomera. Ine ndinaima pakati, ndikupsa mtima mbali zonse. Ndinapsera mtima amalume chifukwa masiku atatu apitawo anandilozera nkhope yoseka m'malo mondiuza zimenezi. Atamva dandaulo langa anati, "Unandifunsa za mtima kugunda. Mtima wanga sugunda." Ndinapsera mtima amayi a mafomu chifukwa anati zonsezi n'zosangalatsa koma pa fomu palibe kabokosi kake. Ndinadzipsera mtima ndekha koposa, chifukwa chinthu chimene mawondo anga ankachidziwa, mutu wanga wowerenga manyuzipepala unachita kuuzidwa pawindo.

Sindikufuna kuwanamizira amayi aja. Sanali munthu woipa. Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, anandiuza kuti agogo awo nawonso amaomba m'manja, koma iwo anakulira m'tauni, kumene pa foni umangoti halo n'kunena chimene ukufuna. Anati ku ofesi kwawo sawerenga nkhani, amawerenga manambala, ndipo nambala imene ali nayo ndi yakuti anthu a m'mudzi amene anakambapo pa wailesi palibe. Ine sanandiwerengere, poti ndinataya. Galimoto yowatenga inali kubwera Lachisanu masana. Akapanda kuona ndi maso awo munthu wa m'mudzi akuigwiritsa ntchito, adzalemba kuti ipite.

Lachinayi ndinayenda khomo ndi khomo kupempha munthu mmodzi yekha woti akhale wamwano kwa mphindi ziwiri. Sanapezeke. Mudzi umene anthu amatukwanirana chifukwa cha nkhuku, tsiku limenelo unadzaza ndi aulemu okhaokha.

Lachisanu m'mawa kunafika munthu wa njinga wochokera ku Katondwe, wogulitsa mphasa. Anati anamva kuti akazi anga analowa m'chipinda chochirira dzulo, koma zotsatira zake sanazimve, poti ananyamuka kusanache. Anesi anaitana pa wailesi, ndipo bambo wa uko anayankha kuti ali bwino, ova. Ine ndinali wokonzeka kukhutira nazo, kapena kunamizira kukhutira. Koma nditasuzumira panja ndinaona anthu akupatuka, ndipo pakati pawo apongozi anga akubwera ndi ndodo, akukoka mwendo wotupa uja. Ndinathawira kuseri kwa chitseko.

"Anesi," anatero ali pakhomo, ataponda mizere yanga ya choko ngati kulibe, "ali bwino ndi mawu a pa msewu. Ngakhale maliro amati ali bwino mpaka ufike. Ndifuna akulu anga amene ali naye mwana wangayo. Ndiwafunse ndi pakamwa panga."

Anesi anapempha kuti akuluwo akaitanidwe. Tinadikira. Amayi a mafomu anali atatulutsa kale bolopeni, maso akuwala. Ndipo nthawi yomweyo analowa amalume, atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, mbedza italowa m'chikhatho mpaka kubisa ndevu zake, magazi akudontha pa mzere wachitatu. Anesi anavala magolovesi.

Bokosi linakhosomola. "Amayi aja afika. Kambani. Ova."

Apongozi anayang'ana cholankhulira. "Akulu anga sindingawalonjere ndi dzanja limodzi. Wina andigwirire."

Anesi anakweza manja a magazi. Amalume anakweza mbedza. Tonse tinayang'ana amayi a mafomu.

"Ine sindiloledwa," anatero. "Ndikagwira ndasokoneza zimene ndikuyeza. Ine ndingoona chabe."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawadyetsa mafomu awo limodzilimodzi. Pawindo panali anthu, inde, koma nditawayang'ana onse anayamba kuona kumwamba ngati kukubwera mvula. Chingwe chija kutalika kwake sikunapitirire mkono umodzi. Wogwira batani anayenera kuima phewa ndi phewa ndi wolankhula.

"Auzeni atate a kwa mwana wanga," apongozi anauza anesi, akunena ine koma akuyang'ana khoma, "kuti ngati ali pafupi, dzanja lawo lingabwere. Iwo atsale."

Anesi ndi amene anapeza njira. Analamula mayi wina wa pawindo kuti avule chitenje chapamwamba, nachikoleka pa msomali wa kalendala mbali imodzi, mbali inayo pa chitsulo chopachikira diripi. Ine ndinagwada kuseri kwa chitenjecho, nkhope ku khoma, n'kutulutsa mkono pansi pake, cholankhulira chili m'manja. Apongozi anakhala pansi mbali inayo, mwendo atautambasula. Sindinkawaona. Ndinkangomva mpweya wawo pa zala zanga, ndipo ndikukuuzani, ng'ona ya amalume ndikanaisankha.

"Auzeni adine," anatero.

"Dinani," anatero anesi, akukumba m'chikhatho cha amalume.

Ndinadina. Apongozi anayamba kuomba m'manja, osafulumira. Analonjera akulu awo, anafunsa mmene agonera, anafunsa za msana wawo, anapepesa kuti sanabwere okha chifukwa cha mwendo. Analekera pomwepo.

"Nenani ova, mayo," anatero anesi.

"Akulu anga sindingawauze zimenezo."

Ndiye kuseri kwa chitenje kunatuluka mawu a mkamwini, aang'ono ngati a mbewa. "Ova."

Uko kunamveka phokoso, kenaka kuomba m'manja, kukumveka bwinobwino. Bambo wa ku chipatala uja, kaya anaona yekha kaya anauzidwa, nayenso anali atawagwirira. Akulu aja anabweza moni wonse, chinthu ndi chinthu, mpaka mwendo. Bamboyo analowerera kuti amayi, batire, batire, ova. Palibe anamumvera. Ine thukuta linali kutsika m'khwapa mpaka m'chigongono, ndipo funso limene ndinkalifuna linali lisanafunsidwe.

Pomaliza apongozi anati, "Nanga amene munapita nayeyo?"

Ndinati ova. Ndipo tinadikira. Bokosi linangoti zii. Tinadikirabe. Mutu wanga unayamba kuyenda njira ya pa njinga ija, dzenje ndi dzenje. Ndinati m'mtima, akusowa poyambira, nkhani yoipa ndi imene imachedwa chonchi. Ndinafinya cholankhulira ngati kuti ndifinya yankho lituluke.

Chinthu chinandigogoda pa mfundo ya dzanja. Inali ndodo ya apongozi. Pa zaka zonse zimene tinakhala mudzi umodzi, kukhudzana kwathu kunali komweko.

"Anesi, auzeni asiye chinthucho. Atsekera akulu anga pakamwa."

Ndinali ndisanasiye batani. Nditasiya, mawu a akulu aja anatulukira pakati pa chiganizo, akubwereza kachitatu, atatopa nako: mwana wamkazi, wabadwa usiku, akuyamwa. Mayi wake anataya magazi, amuika diripi, koma wadya phala ndipo wayamba kale kudandaula kuti lilibe shuga.

Apongozi sanalulute, poti munali m'chipatala. Anaomba m'manja nthawi yaitali, ine n'kudinanso kuti kuombako kufike. Atatsazika, anatembenukira kwa anesi.

"Mukawaona atate a kwa mwana wanga, muwauze kuti kwabwera mlendo wamkazi."

"Ndikawaona ndiwauza," anatero anesi, mbedza ili m'mbale.

Ine ndinali mkono umodzi kuchokera pamenepo, mphuno itagunda khoma, ndikulira mwaulemu kuti chitenje chisagwedezeke. Anesi anadikira apongozi atuluke, nakweza chitenje, nati, "Bambo, kuli uthenga wanu."

Amayi a mafomu anali atasiya kulemba. Anandifunsa kuti mayi aja tiwaike pa nkhope iti. Ndinati akafunse okha, ine ndayeza mokwanira. Anandifunsanso ngati amene wagwiritsa ntchito wailesi ndi apongozi kapena ine, poti fomu imafuna munthu mmodzi. Ndinawayang'ana mpaka anatseka chikwama. Galimoto yawo isanafike, amayi ena awiri anali atakhala kale pa benchi, wina ali ndi mwana ku chipatala, wina mwamuna, ndipo onse ankayang'ana dzanja langa.

Zimene anakalemba ku Lusaka sindinazione. Patapita milungu ingapo anesi analandira kalata, ndipo anandipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Inati wailesi ikhale, malinga pakhale munthu wothandiza anthu kuigwiritsa ntchito. Dzina la munthuyo sanalembe, ndipo mudzi sunaone chifukwa chochitira msonkhano.

Wailesi inakhala. Inaitana galimoto kangapo, ndipo pali anthu akuyenda lero amene akanathera pansi pa masau paja. Zimenezo ndimazidziwa, ndipo ndimadzikumbutsa ndikayamba kudandaula. Koma chala chachikulu aliyense ali nacho. Ndinayesa kuphunzitsa ena, ndinawaonetsa kuti palibe nzeru iliyonse, kudina ndi kusiya basi. Ankavomera, n'kunena kuti komabe inu munazolowera, ndiponso ova wanu amamveka bwino. Ankandipeza ku dambo, ankandipeza pa bwato, ankandipeza ndikusamba. Mwana wakhanda uja anayamba kuyenda, anayamba kuyankhula, atate ake akadali ogwada pambali pa tebulo, mkono m'mwamba, anthu akufunsana za misana.

Tsiku lina mapira atacha, ndili pa nsanja kuingitsa mbalame, kunabwera bambo wina wa kutsidya kwa dambo, akupuma mwamphamvu, kuti tifulumire ku wailesi. Ndinasiya munda, tinathamanga. Ndinagwada, ndinadina. Analonjera bambo wa ku chipatala uja, anafunsa za akazi ake, za ana, za mbuzi imene anamva kuti inathyoka mwendo. Ine ova, ova, ova. Kenaka anayamba kutsazika.

"Nanga uthenga?" ndinafunsa nditasiya batani. "Wodwala ndani?"

"Palibe wodwala, mkamwini. Mulungu atisunge. Papita masiku osamva mawu awo, ndiye ndinati si bwino."

Nditabwerera kumunda, mbalame zinali zitakhuta moti zina zinkachita kuyenda pansi.